Ndani Akutiona? Phunziro la Masamba a Mchezo, Kufuna Kuonedwa ndi Zinsinsi za Anzathu

Phunziro ili tiliwerenga mosinthana, munthu mmodzi ndime imodzi, monga timachitira nthawi zonse. Pamapeto pa gawo lililonse pali mafunso. Tisawathamangire, ndipo poyankha tisatchule dzina la munthu aliyense amene sali pakati pathu. Amene alibe foni ya intaneti asaone ngati nkhaniyi siikuwakhudza, pakuti nkhope zawo, za ana awo ndi nkhani za m'nyumba mwawo zimafika pa intaneti kudzera m'mafoni a ena.

GAWO 1: ZIMENE ZINATICHITIKIRA

Tiyambe ndi kulakwa kwathu komwe. Tsiku lina kalasi ya ana inayenda bwino kwambiri. Ana anaimba, anajambula zithunzi, ndipo ife pokondwa tinawajambula ali pansi pa mtengo wa mango. Madzulo tinaika zithunzizo pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo mmodzi wa ife anaziikanso pa Facebook, n'kulemba dzina la dera ndi tsiku limene kalasiyo imakumana. Anthu anayamikira. Ifenso tinagona mitima ili mbee.

Patapita masiku atatu, mayi wina anabwera kudzatiuza kuti mwana wawo sabweranso ku kalasi. Anayankhula mofatsa, maso ali pansi. Anali atachoka ku banja la nkhanza m'boma lina, ndipo kwa miyezi yambiri ankabisa kumene akukhala. Chithunzi chathu chinafika kwa wachibale wa mwamunayo, ndipo foni yawo inayamba kulira usiku. Tinachotsa zithunzizo tsiku lomwelo, koma amene anafuna kuzisunga anali atazisunga kale. Mayiwo anasamukanso.

Panalibe aliyense mwa ife amene anali ndi cholinga choipa. Tinkafuna anthu aone kuti ntchito ikuyenda, ndipo tikanena zoona, tinkafunanso kuti atiyamikire. Chimene sitinachite n'chinthu chaching'ono kwambiri, kufunsa makolo. Phunziro lonseli lachokera pamenepa.

Mafunso:
a) Ndi pa nthawi iti m'nkhaniyi pamene zinthu zikanatha kuyenda mwina?
b) Kodi cholinga chabwino chimachotsa udindo wathu pa zotsatira zake?

GAWO 2: MASAMBA AMENEWA AMAPEZA BWANJI NDALAMA

Facebook inayamba mu 2004 pa yunivesite ya Harvard ku America, ndipo amene anatsogolera anali Mark Zuckerberg. WhatsApp inayamba mu 2009, Instagram mu 2010. Kampani ya Facebook inagula Instagram mu 2012 pa mtengo wa madola pafupifupi 1 biliyoni, n'kugulanso WhatsApp mu 2014 pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Kuyambira 2021 kampaniyi imatchedwa Meta. TikTok ndi ya kampani ya ByteDance ya ku China.

Ife timagula bandulo ku kampani ya foni, koma polowa pa Facebook kapena pa TikTok sitilipira kanthu. Nanga ndalama zochuluka chomwechi zimachokera kuti? Pafupifupi ndalama zonse za Meta zimachokera kwa otsatsa malonda. Otsatsawo amalipira kuti uthenga wawo ufike pamaso pa munthu woyenera. Choncho kampaniyo imafuna zinthu ziwiri kwa ife. Choyamba ndi nthawi yathu, chifukwa tikakhalitsa pa foni timaona malonda ambiri. Chachiwiri ndi kutidziwa bwino: msinkhu wathu, kumene tili, anzathu, zimene timaimapo kuti tione ndi zimene timangodutsa.

Izi zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake masambawa anapangidwa mmene alili. Batani la Like linabwera pa Facebook mu 2009. Nkhani za pa tsamba sizitha, tikafika pansi zina zimangobwera, kotero palibe malo achilengedwe oti munthu aimire monga imathera nyuzipepala. Pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo imasankha zotionetsa, ndipo imakweza zimene anthu akuthamangira, kaya ndi zomangirira kaya ndi zokwiyitsa. Mu 2017 Sean Parker, amene anali pulezidenti woyamba wa kampani ya Facebook, anavomera poyera kuti oyambitsa ankadziwa kuti akugwiritsa ntchito kufooka kwa munthu kofuna kuyamikiridwa ndi anzake. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku kampaniyo, anatulutsa zikalata za m'kati zosonyeza kuti kafukufuku wa kampaniyo yomwe anapeza kuti Instagram inkachititsa atsikana ena kudziona onyansa kwambiri kuposa kale.

Sitikunena izi kuti tidane ndi foni. Ndi foni yomweyo timamva za m'bale amene ali ku Johannesburg, timagulitsa tomato ndi zovala za kaunjika, timaitanizana ku mapemphero. Koma munthu wolowa mumsika amayenera kudziwa chimene chikugulitsidwa, ndipo mumsika uwu katundu wamkulu ndi maso athu ndi mbiri yathu.

Mafunso:
a) Tsegulani pamene foni imasonyeza maola amene mwaigwiritsa ntchito, kapena ingoyerekezani. Ndi maola angati pa sabata?
b) Kodi maola amenewo achotsedwa kwa ndani kapena ku ntchito iti?

GAWO 3: NJALA YOFUNA KUONEDWA

Kufuna kuonedwa si tchimo. Mwana akajambula galimoto pa dothi amathamangira amayi ake kuti adzaone. Munthu wamkulu akakolola bwino amafuna wina amuuze kuti wagwira ntchito. Tinalengedwa kuti tizikhala ndi anzathu, ndipo kunyalanyazidwa kumapweteka. Vuto limayamba pamene njala imeneyi yayamba kutilamula.

Katswiri wina wa maganizo a anthu wa ku America, B. F. Skinner, ankachita kafukufuku ndi nkhunda ndi makoswe. Anapeza kuti nyama ikamalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chibwera liti, imalimbikira kujompha kapena kukanikiza batani kuposa imene imalandira nthawi zonse. Juga imagwira anthu mwa njira yomweyi. Tikaika chithunzi, sitidziwa ngati achikonda anthu asanu kapena zana, choncho timabwerera kukaona, kenako kukaonanso. Chikapanda kuyenda bwino, mtima umati mawa tiike china choposa apa.

Apa m'pamene malire amayamba kusuntha. Poyamba tinkaika chithunzi cha pa ukwati. Kenako tayamba kuika mbale ya chakudya, mphatso imene tapatsidwa, risiti ya ndalama zimene talandira. Pambuyo pake taika mkangano wa m'banja mwa mawu ophiphiritsa pa status, oti amene akudziwa adziwe. Ena amafika pobwereka zovala, kujambulitsa pa galimoto ya eni kapena kutenga ngongole ya katapila kuti phwando lioneke bwino pa zithunzi. Akuluakulu anati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Pali zizindikiro zimene tingadziyese nazo tokha. Kodi tikachita chinthu chabwino popanda wojambula, timamva ngati chapita pachabe? Kodi timachotsa chithunzi chifukwa sichinalandire ma Like okwanira? Kodi tili pa mwambo timakhala tikuganiza za mawu amene tilembe pansi pa chithunzi m'malo momvetsera? Kodi tikaona zabwino za anzathu mtima umatsika? Tizikumbukira kuti timayerekeza moyo wathu wonse, ndi ngongole zake ndi matenda ake, ndi mphindi zochepa zimene mnzathu wasankha kutionetsa.

M'moyo wa gulu lathu muli zinthu zimene zimatiphunzitsa njira ina. Zopereka ku Thumba zimakhala zachinsinsi, palibe amene amalengezedwa kuti wapereka zingati. Posankha Bungwe Lauzimu sipakhala kutchula mayina a oyimira kapena kukopa anthu, aliyense amavota mwachinsinsi. Makonzedwe amenewa amatizoloweretsa kutumikira popanda kuyembekezera kuwomberedwa m'manja. Funso n'lakuti, kodi chizolowezi chimenechi timachitenga tikamatsegula foni, kapena timachisiya pa mphasa pamene tinakumana?

Mafunso:
a) Pali kusiyana kotani pakati pa kugawana chimwemwe ndi kudzionetsera? Perekani zitsanzo.
b) Tchulani chinthu chimodzi chabwino chimene munthu wina anakuchitirani popanda kuuza aliyense. Munamva bwanji?

GAWO 4: MAKOLO ATHU ANKADZIWA ZA CHINSINSI

Ena amati nkhani yosunga zinsinsi ndi ya azungu, ife timakhala pamodzi ndipo tilibe chobisa. Koma tiyang'ane miyambo yathu. Munthu salowa m'nyumba ya mnzake asananene kuti odi ndi kuyankhidwa. Mlendo, ngakhale wachibale, salowa kuchipinda kwa eni nyumba. Mayi woyembekezera salengeza pa bwalo, ndipo kufunsa kuti achira liti n'kupanda mwambo. Mwana akabadwa amakhala m'chikuta masiku angapo asanaonetsedwe kwa anthu. Banja likagwedezeka, nkhani imapita kwa ankhoswe, osati kumsika. Maliro akachitika, amfumu ndi eni mbumba amayamba auzidwa, ndipo uthenga umatumizidwa kudzera mwa munthu wodziwa kuyankhula, amene amayamba wakhazika pansi wolandira uthengawo.

Miyambo yonseyi ikunena chinthu chimodzi: nkhani iliyonse ili ndi eni ake, nthawi yake ndi malo ake. Chinsinsi sichitanthauza kuti chinthucho n'chonyansa. Dokotala amadziwa za matenda athu, ndipo n'koyenera. Nkhani yomweyo ikafika kwa abwana kuntchito kapena ku gulu la anthu a m'mudzi, yaphwanya malo ake, ngakhale ili yoona.

Mu Kitáb-i-Aqdas, buku la malamulo limene Bahá'u'lláh analemba cha m'ma 1873 ali ku 'Akká, muli lamulo loletsa kulowa m'nyumba ya munthu popanda chilolezo chake. Tiganizire bwino. Tikajambula m'nyumba ya mnzathu, ana ake, mbale zake, wodwala wake ali pa mphasa, n'kuika pa gulu, talowetsa anthu mazana m'nyumba imene anatilandira ife tokha. Gulu limodzi la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu oposa 1,000, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene ananena odi.

Buku lomwelo limaletsanso kuulula machimo kwa munthu mnzathu pofuna kukhululukidwa. Kulapa kuli pakati pa munthu ndi Mulungu, ndipo chifukwa chake china n'chakuti munthu asadzichotsere ulemu pamaso pa anzake. Izi sizitiletsa kupepesa kwa amene tamulakwira kapena kupempha uphungu kwa munthu woyenera. Koma zikutikumbutsa kuti ngakhale ulemu wathu womwe si chinthu choti tizingomwaza. Mabala a mumtima mwathu sayenera kukhala chionetsero cha anthu odutsa.

Mafunso:
a) Ndi miyambo ina iti ya kwanu imene imateteza chinsinsi cha munthu?
b) Kodi mawu akuti odi angakhale otani pa foni?

GAWO 5: MADZI AKATAYIKA SAWOLEKA

Status ya pa WhatsApp imachoka pakatha maola 24, ndipo ambiri timaiona ngati chinthu chosakhalitsa. Koma aliyense woiona akhoza kutenga screenshot n'kuisunga zaka. Kuyambira 2016 mauthenga a pa WhatsApp amakhomedwa kotero kuti munthu wapakati sangawawerenge ali m'njira. Loko ameneyu amateteza ulendo wa uthenga basi. Ukafika, uli m'manja mwa wolandira, ndi aliyense amene angabwereke, kuba kapena kukonza foni yake.

Munthu wina wa ku Spain, Mario Costeja González, anali ndi ngongole, ndipo mu 1998 nyuzipepala inalengeza zoti katundu wake agulitsidwa. Ngongoleyo inatha, koma patapita zaka zoposa khumi aliyense wolemba dzina lake pa Google ankapeza chilengezo chija. Anakadandaula, ndipo mu 2014 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula kuti munthu angathe kupempha kuti nkhani zakale zosafunikanso zisamatuluke pofufuza dzina lake. Taonani kutalika kwa ulendo umene anayenda kuti chinthu chimodzi chiiwalike. Kumudzi nkhani imazilala anthu akamakalamba. Intaneti siikalamba.

Komanso timaulula zambiri kuposa zimene tikuganiza. Mu 2018 zinadziwika kuti mapu a Strava, pulogalamu ya anthu othamanga, ankasonyeza malo a asilikali m'mayiko monga Afghanistan ndi Syria, chifukwa asilikaliwo ankathamanga mozungulira misasa yawo atavala zipangizo zolemba njira. Palibe amene anafuna kuulula chinsinsi, aliyense ankangowerenga makilomita ake. Chaka chomwecho inaphulika nkhani ya Cambridge Analytica. Anthu pafupifupi 270,000 anayankha mafunso ooneka ngati masewera pa Facebook, ndipo kudzera mwa iwo mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni inatengedwa, ambiri mwa iwo anzawo chabe a oyankhawo. Mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Phunziro lake kwa ife n'lakuti kusasamala kwa munthu mmodzi kumatsegula chitseko cha anzake.

Kwathu kuno zotsatira zake timaziona pa ndalama. Wakuba amene amaimba foni n'kunamizira kuti mwana wanu wavulala kusukulu, tumizani ndalama msanga, nthawi zambiri amakhala ndi dzina la mwanayo ndi la sukulu. Tidzifunse kuti wazitenga kuti. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, chiphaso cha unzika chimene tajambula posangalala kuti chatuluka, tikiti ya basi yosonyeza tsiku limene tichoke pakhomo, zonsezi ndi zida m'manja mwa munthu woipa. Enanso amaba WhatsApp ya munthu pomupempha kuti awatumizire nambala ya manambala 6 imene yabwera pa SMS, kenako amayamba kupempha ndalama kwa abale ake m'dzina lake. Nambala imeneyo, pamodzi ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, siiperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Mafunso:
a) Munthu wosakudziwani atayang'ana zonse zimene munaika chaka chathachi, angadziwe chiyani za kumene mumakhala, ana anu ndi ndalama zanu?
b) Kodi pali chimene munaika zaka zisanu zapitazo chimene lero simungachiike?

GAWO 6: NKHANI ZA ENA M'MANJA MWATHU

Kudziulula tokha n'kusasamala. Kuulula ena n'kuwalakwira. Tione malo anayi amene timapunthwa kawirikawiri.

Oyamba ndi maliro. Munthu akangotsirizika, ena amathamangira kuika chithunzi chake pa status ola lisanathe. Mayi ake ali kumunda kapena mwana wake ali m'kalasi amamva za imfa kudzera pa foni ya mnzake, popanda womugwira dzanja. Kukhala woyamba kulengeza kulibe mphotho. Tidikire mpaka eni maliro alengeze okha.

Achiwiri ndi ngozi ndi matenda. Minibasi ikagubuduzika, mafoni amatuluka msanga kuposa manja othandiza. Munthu wovulala, amene mwina zovala zang'ambika, sangathe kukana kujambulidwa. Chimodzimodzi wodwala amene tapita kukamuzonda. Ngati tikufuna anthu amupempherere kapena asonkhe ndalama, tifunse iye kapena omusamalira kuti tinene zingati, ndipo dzina la matenda ndi lake, si lathu.

Achitatu ndi chithandizo. Tikapereka thumba la ufa kwa agogo n'kuwajambula atalinyamula, tawalipiritsa ndi ulemu wawo. Sangakane, chifukwa ali ndi njala. Ngati pakufunika umboni kwa amene anapereka ndalama, lipoti lolembedwa lipite kwa iwo okha.

Achinayi ndi ana. Mwana wa zaka zitatu sangavomereze kanthu, koma adzakula n'kupeza zithunzi zake akusamba, akulira, kapena kanema wa tsiku limene anakodza pogona anthu akuseka. Mu 2024 dziko la France linakhazikitsa lamulo lopatsa makolo udindo woteteza zithunzi za ana awo, ndipo chaka chomwecho Australia inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba a mchezo. Malamulo a Facebook ndi TikTok omwe salola mwana wosakwana zaka 13.

Pansi pa zonsezi pali miseche. Tonse tikudziwa kulemera kwa nkhaniyi m'Zolembedwa: mu Kitáb-i-Aqdas miseche ndi kunamizira ena zaletsedwa m'ndime imodzi ndi kupha ndi chigololo. Miseche siifuna kuti nkhaniyo ikhale yabodza. Kunena zolakwa zenizeni za munthu iye palibe ndi miseche ndithu. Kale miseche inkathera pa chitsime kapena pa bawo. Lero kukanikiza kamodzi kumaifikitsa ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku London nsima isanapse. Wotumiza screenshot ya zokambirana za eni, kanema wa munthu wogwidwa akuba akumenyedwa, kapena zithunzi zamaliseche za mtsikana zimene chibwenzi chake chakale chatulutsa, sanganene kuti ine ndangotumiza chabe. Moto umayenda chifukwa udzu uliwonse wavomera kuyaka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo a dziko nawonso sali chete. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga a pa foni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kuzunza, kuopseza kapena kulondalonda munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ku Zambia lamulo loteteza mbiri ya anthu linakhazikitsidwa mu 2021. Koma ife tisadikire kuopa apolisi kuti tichite chimene chikumbumtima chikutiuza kale.

Mafunso:
a) Wina watumiza pa gulu lanu kanema wochititsa manyazi munthu amene mumamudziwa. Mungachite chiyani pa gulupo, ndipo mungamuuze chiyani wotumizayo pambali?
b) Kodi kungoonera osatumiza kuli ndi mbali yake pa miseche?

GAWO 7: CHINSINSI SI CHOPHIMBIRA NKHANZA

Tisamalepo apa, chifukwa mawu akuti za m'nyumba siziululidwa agwiritsidwapo ntchito kutsekera pakamwa amayi omenyedwa ndi ana ogwiriridwa. Phunziro ili silikunena zimenezo. Kukanena za nkhanza kwa amene ali ndi udindo wothandiza si miseche. Ndi chilungamo, ndipo nthawi zina kumapulumutsa moyo. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani zokhudza ana. Palinso a zaumoyo, a chisamaliro cha anthu, amfumu ndi Bungwe Lauzimu.

Kusiyana kuli pa funso ili: tikuuza ndani, ndipo kuti achitepo chiyani? Kuuza wapolisi kuti mwana wa pafupi nafe akuzunzidwa n'kumuteteza. Kuika chithunzi cha mwanayo pa Facebook n'kumupweteka kachiwiri, pakuti dzina limenelo lidzamutsata mpaka kusukulu ndi ku banja lake la m'tsogolo.

Tisaiwalenso kuti munthu amene amaika zodandaula zake pa status tsiku ndi tsiku nthawi zina sakufuna kutchuka. Akhoza kukhala kuti alibe womumvera. Tikaona mnzathu akulemba mawu osonyeza kutaya mtima kapena kutopa ndi moyo, tisamuseke kuti akufuna anthu amuone, ndipo tisangoika kachizindikiro ka nkhope yolira n'kupitirira. Timuimbire, kapena tipite kwawo tikakhale naye. Anthu ambiri amafuula pa intaneti chifukwa pakhomo pawo sipafika munthu. Ngati timayenderana mokwanira, njala yofuna maso a alendo imachepa.

Mafunso:
a) Tingasiyanitse bwanji kufunafuna thandizo ndi kufalitsa nkhani?
b) Ndani m'dera lathu amene papita nthawi osayenderedwa? Musatchule dzina, ingolisungani mumtima.

GAWO 8: ZOTI TICHITE SABATA INO

Tisanaike kapena kutumiza chilichonse, tidzifunse mafunso anayi. Kodi ndi zoona, ndipo ndadziwa bwanji? Kodi nkhaniyi ndi yanga, kapena mwini wake wandilola? Kodi ndikanainena iye ali pomwepo, pamaso pa amayi ake? Kodi ndikuiika kuti ithandize ndani? Ngati funso limodzi latikanika, tidikire mpaka m'mawa. Zinthu zambiri zimene zimaoneka zofulumira usiku sizikhalanso zofunika dzuwa likatuluka, makamaka zimene talemba titakwiya.

Tisanabalalike lero, tikhale awiriawiri, wodziwa foni athandize mnzake, koma mwini foni ndiye azikanikiza yekha. Pa WhatsApp tilowe pa Settings, kenako Privacy, tisankhe amene angaone chithunzi chathu ndi status yathu, ndi amene angatilowetse m'magulu. Pa Account titsegule Two-step verification n'kuika nambala yachinsinsi imene sitiuza munthu. Pa Facebook tione ngati zimene timaika zikupita kwa anzathu okha kapena kwa dziko lonse, ndipo tichotse tsiku lobadwa ndi nambala ya foni pamalo oonekera. Foni iliyonse ikhale ndi loko.

Monga gulu, tikambirane ndi kugwirizana pa mfundo zathu. Ife, pambuyo pa zimene zinatichitikira zija, tinagwirizana izi: sitijambula mwana popanda chilolezo cha kholo lake, ndipo pofunsa timanena kumene chithunzicho chikapite. Sitilemba malo ndi nthawi ya kalasi ya ana pa tsamba loonedwa ndi aliyense. Zimene munthu wanena za moyo wake pa gulu lophunzira zimathera pomwepo. Pa nthawi ya mapemphero ndi ya phunziro mafoni amakhala m'thumba. Munthu akapempha kuti chithunzi chake chichotsedwe, timachotsa osafunsa chifukwa. Gulu lanu likhoza kuwonjezera kapena kusintha malinga ndi mmene zinthu zilili kwanuko.

Pomaliza, ntchito ya aliyense payekha. Timaphunzitsidwa kudziwerengera tokha tsiku lililonse tisanagone. Sabata ino, pa kudziwerengera kumeneko tiwonjezere foni: lero ndaika chiyani, ndatumiza chiyani, ndaonera chiyani, ndipo chifukwa chiyani? Komanso aliyense achitire munthu wina chinthu chimodzi chabwino chimene sadzachijambula, sadzachilemba, ndipo sadzatiuza ngakhale ife tikadzakumananso. Tikadzakumana tidzangokambirana mmene mtima unamvera pochisunga.